Kodi Ikadali Kompyuta Yomwe Ija?

Mvula yoyamba ya dzinja lapitali idadza ndi mphenzi, ndipo usiku umenewo laputopu ya madrasa yathu idagona pamagetsi. Kutacha sidayakenso. Chakudza sichiimba ng'oma. M'kati mwake mudali kaundula wa ana onse, zotsatira za mayeso awo, maphunziro amene ndakhala ndikulemba kwa zaka zitatu, ndiponso mndandanda wa zopereka za makolo. Laputopuyo sidali yanga. Idagulidwa yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi ndalama zimene makolo adasonkha pang'onopang'ono, ena atagulitsa usipa, ena mpunga, ndipo ine ndidangopatsidwa kuti ndiisunge. Choncho ndidaikulunga m'nsalu n'kukwera minibasi yochoka ku Salima kupita ku Lilongwe.

Ku Area 13, pakati pa maofesi a City Centre, kuli mnyamata amene ndidamuphunzitsa zilembo za Chiarabu ali wamng'ono, ndipo lero amakonza makompyuta m'kachipinda kena kuseri kwa maofesiwo. Ataitsegula adandiuza kuti chapsa ndi motherboard, bolodi lalikulu limene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Mwamwayi adali ndi laputopu ina ya mtundu womwewo, yosweka sikirini, imene mwini wake adamugulitsa kuti azichotsamo zipangizo. Adazula bolodi la m'menemo n'kuliika mwa yathu. Laputopu idayaka, mafailo onse ali m'malo mwake, ndipo ndidathokoza Allah. Koma pakona ya m'munsi, kudzanja lamanja, padaoneka mawu otuwa amene padalibe kale, ondiuza kuti Windows ikufuna kutsimikizidwa.

"Mwalimu, musadandaule, izi n'zazing'ono," adatero mnyamatayo. "Windows yaona kuti bolodi lasintha, ndiye ikuyesa kuti ili m'kompyuta ina. Ndili ndi kapulogalamu kena, timati crack. Mphindi zisanu zokha mawuwa achoka, ndipo inu sindikulipiritsani. M'tauni muno anthu ambiri amachita zomwezo."

Adanena izi ndi mtima wabwino, pofuna kulemekeza mphunzitsi wake. Ndidamuyankha kuti, "Mwana wanga, tadikira kaye, ndikaswali Dhuhr ndiponso ndikadye, ndibweranso." Sindidachoke chifukwa chakuti yankho ndidali nalo. Ndidachoka chifukwa ndidalifuna yankho lakelo, ndipo kulifuna kwangako kudandichititsa mantha. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndidasinkhasinkha masana amenewo ndi masiku otsatira, ndipo ndikuzilemba chifukwa funsoli lifika m'makomo ambiri. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 simalola makina ambiri akale. Ana athu a ku sekondale ndi ku koleji akhala akusintha ziwalo za makompyuta awo kapena kugula ena ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo nawonso adzauzidwa kuti n'zazing'ono.

Munthu saweruza mlandu asanaumve, choncho tiyambe ndi mmene zinthuzi zimayendera. Windows ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta, ndipo mwini wake ndi Microsoft, kampani ya ku America. Kuyambira pa Windows XP, imene idatuluka mu 2001, kampaniyi idakhazikitsa dongosolo lakuti Windows izitsimikizidwa kuti ili ndi laisensi. Umboni wake udali kiyi wa zilembo ndi manambala 25, amene ankamatidwa pansi pa laputopu. Kuchokera pa Windows 8 mu 2012, opanga makompyuta adayamba kumulemba kiyiyo m'kati mwa motherboard momwemo, moti saonekanso ndi maso. Windows 10 itabwera mu 2015 padadza njira inanso: kompyuta imatumiza ku kampaniyo chizindikiro chopangidwa kuchokera ku ziwalo zake, chonga chidindo cha chala, ndipo laisensi imasungidwa kumeneko pamodzi ndi chizindikirocho. Mukasintha batire, kiyibodi kapena mukaonjezera RAM, kawirikawiri chizindikirocho sichisokonezeka. Koma mukasintha motherboard, chidindo chija sichigwirizananso, ndipo kompyuta yanu imaoneka ngati mlendo.

Malaisensi amene anthu wamba amakumana nawo alipo amitundu iwiri. Ina imabwera ndi kompyuta kuchokera ku fakitale, ndipo imatchedwa OEM. Imeneyi ndi yotsika mtengo chifukwa idamangiriridwa ku kompyuta yakeyo, ndipo siisamukira ku ina. Ina ndi imene munthu amaigula payokha. Imeneyi ndi yodula, koma mwini wake akhoza kuichotsa pa kompyuta yakale n'kuiika pa yatsopano, malinga ikhale pa imodzi yokha pa nthawi imodzi. Kuyambira mu 2016 munthu akhozanso kulumikiza laisensi yake ku akaunti ya Microsoft, kuti akadzasintha chiwalo chachikulu adzalowe m'akauntiyo n'kunena kuti makinawa ndi ake omwe aja. Ife sitidachite zimenezo, pakuti padalibe amene adatiuza, ndipo nanenso sindidafunse.

Ganizo loyamba limene lidandifikira ndili m'njira lidali lodziteteza. Ndidati mumtima: kodi iyi si kompyuta yomwe ija? Chikuto chake n'chomwe chija, chang'aluka pakona pomwe paja, mafailo ndi omwe aja. Ngati idali ndi chilolezo dzulo, bwanji ilibe lero? Ndipo ngati ili yomwe ija, ndiye kuti crack sikuba, koma kungobweza chimene chidali chathu kale.

Ife a kunyanja funsoli timalidziwa, ngakhale sitilifunsa mokweza. Msodzi amagula boti lamatabwa. Chaka chino asintha thabwa lowola, chaka chamawa awiri, kenako injini, kenako utoto. Pakatha zaka khumi ndi zisanu mwina palibe thabwa limene lidachokera kwa mmisiri woyamba, koma padooko aliyense amalitchula ndi dzina lomwe lija. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera kuno zidutswazidutswa, idalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951. Kuchokera pamenepo yakonzedwa kambirimbiri, mainjini ake adasinthidwa, koma wokwera pa Nkhotakota sakayika kuti wakwera Ilala imene adakwera agogo ake. Nawonso Agiriki akale adavutika ndi funso lomweli. Wolemba wawo Plutarch adasimba za chombo cha Theseus, chimene anthu a ku Athens ankachisunga posintha matabwa ovunda limodzilimodzi, mpaka anzeru a kumeneko adagawikana, ena nkumati n'chomwe chija, ena nkumati n'china.

Ndaona kuti mkanganowu sutha chifukwa chinthucho sichidziyankhira chokha. Ndife anthu amene timasankha chiwalo chimene chinyamule dzina, ndipo timasankha molingana ndi chimene tikufuna kudziwa. Kwa ana a madrasa, kompyuta ndi yomwe ija chifukwa mayina awo ali momwemo. Kwa ine ndi yomwe ija chifukwa zala zanga zidazolowera kiyibodi yake. Koma galimoto ikafika ku Road Traffic, saiyang'ana utoto kapena matayala. Amayang'ana nambala ya chassis, pakuti ndi imene idalembedwa m'buku. Momwemonso wogulitsa laisensi adasankha bolodi lalikulu kuti ndilo lizinyamula dzina la kompyuta, ndipo mtengo wotsika wa laisensi ya OEM udakhazikitsidwa pa kusankha kumeneko. Palibe amene akunama pakati pa ana, ine ndi kampaniyo. Tikuyankha mafunso osiyana. Ndipo pa funso la laisensi, loyankha si mtima wanga kapena chizolowezi cha zala zanga. Loyankha ndi pangano limene lidalipo pamene laisensiyo inkagulitsidwa.

Apa m'pamene ndidazindikira kuti nzeru zanga za maboti zidali kundithandiza kuthawa. Munthu akafuna chinthu, amasanduka katswiri wa mafunso ozama. Koma taonani mmene timachitira pa nkhani ya ngongole. Thupi la munthu limasintha, tsitsi limachita imvi, mano amaguluka, maganizo amakhwima. Komabe amene adakongola ali ndi zaka 25 sangauze mwini ndalama ali ndi zaka 45 kuti wokongola uja adali munthu wina. Tonse tingamuseke. Timadziwa kuti chimene chimamanga munthu wa dzulo ndi wa lero ndi udindo umene adausenza, ndipo pa chikhulupiriro chathu udindo umenewo umapitirira mpaka kuseri kwa manda. Funso loyenera silidali lakuti kompyutayo ndi yomwe ija kapena ayi. Lidali lakuti ine ndikadali munthu yemwe uja amene amaima pamaso pa ana n'kumawaphunzitsa za amana, kusunga chimene wasungitsidwa ndi kukwaniritsa chimene walonjeza.

Tsono tidagula chiyani pamene tinkagula laputopu? Chitsulo ndi pulasitiki tidagula ndithu, n'zathu, tikhoza kuzigulitsa kapena kuzitaya. Koma Windows sitidaigule monga timagulira mbuzi. Tidalandira chilolezo choigwiritsa ntchito m'malire odziwika, mofanana ndi munthu wobwereka nyumba, amene amagonamo mwaufulu koma sangagumule khoma kapena kusamutsira denga kumudzi kwawo. Amene adaphunzira fiqh akudziwa kuti Shariah imasiyanitsa kukhala mwini chinthu ndi kukhala mwini phindu la chinthucho, ndipo zonse ziwiri zili ndi malamulo ake.

Ndinene poyera kuti maulama sadagwirizane onse pa chiyambi. Akale ena, makamaka a mazihabu a Hanafi, ankaona kuti chuma ndi chinthu chogwirika chimene munthu angachisunge, ndipo pa maziko amenewo ena a m'nthawi yathu adakayikira ngati nzeru zolembedwa zingakhale katundu wa munthu. Koma ambiri, kuphatikizapo a mazihabu a Shafi'i amene ambiri a ife kunyanja kuno timatsata, amawerengera phindu la chinthu ngati chuma chimene chingagulitsidwe ndi kubwereketsedwa. M'mwezi wa Disembala 1988, bungwe la maulama a fiqh la maiko a Chisilamu, limene likulu lake lili ku Jeddah, lidakumana ku Kuwait n'kugamula kuti ufulu wa wolemba, wa wotulukira chinthu chatsopano ndi wa dzina la malonda ndi wotetezedwa m'Shariah, ndipo kuuphwanya sikololedwa. Nalo dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1989, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira ufulu wa eni ntchito zaluso. Msilamu wokhala m'dziko ali pa pangano ndi malamulo ake pa zonse zimene sizimulamula kuchimwa.

Komabe sindifuna kunamizira kuti mbali inayo ilibe mawu. Mnyamata wanga uja akadafuna kutsutsana nane, akadanena zinthu zitatu, ndipo zonse n'zolemera.

Choyamba, akadati palibe chimene chachoka m'manja mwa mwini. Wakuba nkhuku amasiya khola lopanda nkhuku, koma wokopera pulogalamu samuchepetsera mwiniyo kanthu. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuika crack pa mlingo umodzi ndi kuthyola nyumba. Koma taganizani za munthu wokwera Ilala mobisala, wopanda tikiti. Sitimayo ikadapitabe ku Likoma ngakhale iye akadapanda kukwera, ndipo palibe mpando umene wausenza kupita nawo kwawo. Kodi tinganene kuti sadalakwe? Adatenga phindu limene eni ake adaliikira mtengo, ndipo adalitenga mwachinyengo. Crack nayo imagwira ntchito ponamiza: imauza Windows kuti chilolezo chilipo pamene palibe. Ngakhale tikadakangana mpaka kucha pa tanthauzo la chuma, bodza lokhalo likadatsalabe pakati pathu.

Chachiwiri, akadati mtengo wake si wa anthu ngati ife. Windows 11 Home yogula payokha imagulitsidwa madola 139 a ku America, ndipo kwacha yathu idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa banja lodalira nyanja, ndalama imeneyo ndi chakudya cha masabata ambiri. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo n'koyenera kuti maiko osauka azilankhula poyera za mitengo imene idaikidwa poganizira matumba a anthu a kwina. Shariah imadziwa za darura, kukakamizika kumene kumaloleza choletsedwa. Koma darura ili ndi malire: imagwira ntchito pamene palibe khomo lina lololedwa, ndipo imalekera pamene vutolo lalekera. Pa nkhani iyi makomo ena alipo. Pali Linux, imene eni ake adaipereka kwa aliyense kwaulere. Mtundu wake wina wotchuka, Ubuntu, udayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi lomwe lija ife timati umunthu. Munthu amene ali ndi chitsime pakhomo sanganene kuti ludzu lidamukakamiza kuthyola mpopi wa mnzake.

Chachitatu, akadati aliyense amachita. Mawu amenewa ndi amene amandiopsa kwambiri, chifukwa ndi omwe amanenedwa ndi wochepetsa muyeso wa usipa padooko, wopempha kangachepe pa ofesi, ndi wophunzira wolowa ndi likasa m'mayeso. Chizolowezi cha anthu chili ndi malo ake m'fiqh, koma chimamasulira pangano pamene panganolo lili chete. Sichifafaniza chimene chidalembedwa momveka. Ndiponso pali ngozi imene ochita zimenezi saitchula kawirikawiri: mapulogalamu a crack amafuna kuti muzimitse chitetezo cha kompyuta kuti alowe, ndipo ambiri amabwera ndi mavairasi akuba mawu achinsinsi. M'laputopu yathu mudali mayina a ana a eni ndi mbiri ya ndalama za makolo awo. Ndikadatsegulira mlendo wosadziwika khomo la zinthu zimene sizidali zanga.

Nditabwerera m'kachipinda kaja ndidamufunsa mnyamatayo ngati padalibe njira ina. Adakhala chete pang'ono, kenako adati, "Mwalimu, tiyeni tione ngati bolodi latsopanoli lili ndi kiyi wake." Adafufuza, ndipo adampeza: bolodilo lidali ndi kiyi wa ku fakitale wa Windows Home, pamene m'laputopu yathu mudali Windows Pro. N'chifukwa chake ziwirizo sizinkamvana. Lamulo lomwe lija limene lidatilanda laisensi yakale, lakuti laisensi imatsata bolodi, ndi limene lidatipatsa ina, pakuti bolodilo lidagulidwa kwa mwini wake moyenera. Chofunika chidali kusunga mafailo onse pena, kufufuta Windows yakale, n'kuika Home kuyambira pachiyambi. Ntchito ya mphindi zisanu idasanduka ya masana onse ndi m'mawa wotsatira, ndipo ndidagona kwa achibale ku Old Town. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Titailumikiza ku intaneti, Windows idatsimikizika yokha, ndipo zimene tidataya pochoka pa Pro kupita pa Home ndi zinthu zimene madrasa sidazigwiritsepo ntchito n'kamodzi komwe.

Ndikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa, ine ndikuoneka wolungama. Koma pamene ankasamutsa mafailo, mnyamatayo adandiuza mwaulemu, maso ali pansi, kuti pulogalamu yolembera imene idali m'laputopumo kuchokera tsiku limene tidaigula idali ya crack. Amene adatigulitsa adaiikamo kale. Zaka zitatu zonse ndakhala ndikulemba maphunziro a kukhulupirika pa pulogalamu yosalipiridwa. Sindinkadziwa, ndipo tili ndi chiyembekezo kuti Allah sam'gwira munthu pa chimene sadachidziwe. Koma ndiyenera kuvomera kuti sindidafunsenso, ndipo mwina sindidafunse chifukwa mtengo udali wabwino. Kusadziwa kwina kumakhala kochita kusankha. Tidaichotsa n'kuikamo LibreOffice, imene ndi yaulere mololedwa, ndipo imalemba Chichewa ndi Chiarabu chomwe, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Masabata oyamba idandivuta, pakuti zinthu sizidali pamene ndidazizolowera. Tsopano ndaizolowera.

Kwa makolo amene mukugulira ana anu laputopu, ndikupempha zinthu zochepa. Mufunseni wogulitsa ngati Windows ndi mapulogalamu ena ali ndi laisensi yeniyeni, ndipo akuonetseni pa sikirini pamene palembedwa za kutsimikizidwa kwake. Mwanayo alumikize laisensi yake ku akaunti makina akadali amoyo, asadikire tsiku la mphenzi. Mukagula laisensi payokha, sungani lisiti ndi kiyi wake monga mumasungira mapepala a munda. Bolodi likapsa, yambani mwayesa njira yotsimikizira imene ili mu Windows momwemo, kenako mufunse wokonza ngati bolodi latsopano lili ndi kiyi wake. Zonse zikakanika ndipo ndalama palibe, Linux si chinthu chochititsa manyazi. Ndipo kwa achinyamata athu okonza makompyuta m'matauni: kasitomala wosadziwa ali m'manja mwanu ngati wodwala kwa dokotala. Muuzeni chimene mukuika m'makina ake, kuti asankhe akudziwa.

Pamene ndinkatsanzikana naye, mnyamatayo adakana malipiro a ntchito yake, koma ndidamukakamiza kulandira, chifukwa ndalamazo zidatumizidwa ndi makolo kuti zilipire ntchito, ndipo thukuta lake nalo lili ndi mwini. Adandiperekeza mpaka pokwerera minibasi, atandinyamulira laputopu. Tili m'njira adandifunsa ngati ntchito zonse zimene adachitira ena m'mbuyomu ziyenera kum'sowetsa tulo. Ndidamuyankha kuti khomo la kulapa n'lotsegula kwa iye monga lili lotsegula kwa ine, ndipo kuti ayambire pa kasitomala wa mawa.

Laputopu idabwerera ku madrasa. Ana adaona mayina awo ndipo adati ndi yomwe ija. Sindidawatsutse. Allah atipatse riziki la halaal, ndipo atipatse mtima wofunsa tisanalandire. Iye ndiye Mwini kudziwa konse.